Mwambo wa Mlendo pa Phiri la Mulanje

Aphunzitsi anzanga, ndi inu ana athu amene mwakhala kumbuyoko, ndifuna kulankhula za chinthu chimene ambiri a ife tachiona ndi maso kuyambira ubwana wathu, koma owerengeka okha ndiwo anachipondapo ndi phazi. Ndikunena phiri la Mulanje. Munthu wochokera ku Limbe pa msewu wa Midima, kukakhala kuti kwacha bwino ndipo utsi wa moto wa kutchire sunaphimbe dziko, amaliona patsogolo pake ulendo wonse, likukulirakulira mpaka litadzaza theka la thambo. Amatsika pa Chitakale, nagula chinanazi chake, nakweranso minibasi kubwerera kwawo, osaganizako n'komwe kuti pamwamba pa makoma amwala amenewo pali dziko lina la madambo, mitsinje ndi nkhalango, kumene anthu ochokera kutsidya kwa nyanja zamchere amataya ndalama zambiri kuti akagoneko usiku umodzi wokha.

Mu Julayi 2025 bungwe la UNESCO, litakumana mu mzinda wa Paris, linalemba phiri limeneli m'kaundula wa malo amene ali chuma cha anthu a dziko lonse lapansi, ndipo linakhala lachitatu m'dziko lathu, kutsatira paki ya m'nyanja ya ku Cape Maclear, imene inalembedwa mu 1984, ndi zojambula za m'mapanga a ku Chongoni, zimene zinalembedwa mu 2006. Chimene ndifuna kuti muchisunge n'chakuti sanalilembe chifukwa cha msinkhu wake, pakuti mapiri olipitirira alipo ambiri pansi pano; analilemba chifukwa Amang'anja, Ayao ndi Alhomwe, amene alizinga mbali zonse, akhala akuliyesa mudzi wa mizimu ya makolo awo, nalisunga ndi miyambo, nsembe ndi zoletsa kwa mibadwomibadwo. Tsono ngati phiri ndi mudzi, ndiye kuti lili ndi eni ake. Ndipo aliyense wopitako, kaya ndi Mzungu wa ku Scotland, kaya ndi mphunzitsi wa ku Kasungu, kaya ndi ine amene ndaima pano, apita kwa eni, ndipo ayenera kudziwa mwambo wa mlendo. Za mwambo umenewo ndizo ndadzera lero, ndipo ndidzazinena motsata njira yomwe mudzayende, kuyambira patsinde.

Koma poyamba tiyeni tilidziwe thupi lake. Akatswiri a miyala amatiuza kuti zaka pafupifupi 130 miliyoni zapitazo, mwala wosungunuka ndi moto unakwera kuchokera m'mimba mwa dziko, koma usanaboole kunja unazizira nuuma pansi pomwepo. Ndipo m'nyengo zosawerengeka zimene zinatsatira, mvula ndi mitsinje zinachotsa nthaka ndi miyala yofewa imene inaukuta, kufikira mwala wolimbawo unatsala wokha poyera, monga chimatsalira chitsa pakati pa munda madzi akakokolola mizere. N'chifukwa chake Mulanje alibe zitunda zoyamba nazo pang'onopang'ono, koma angodzuka mwadzidzidzi pakati pa chigwa, makoma ake ali chilili. Kukula kwake ndi masikweya kilomita pafupifupi 650. Mukakwera makoma aja mufika pa zidikha za udzu zimene zili pa mamita ngati 2,000 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo pa zidikhazo m'pamene pamera nsonga zenizeni, pafupifupi 20 zopitirira mamita 2,500: Chambe, Nakodzwe, Dzole, Namasile, Chinzama, Matambale, Manene ndi zinzake, ndipo pakati pa zonsezo Sapitwa, wa mamita 3,002, amene alibe womuposa m'Malawi, m'Zambia, m'Zimbabwe ngakhale m'Mozambique monse.

Phiri lotere, loima lokha panjira ya mphepo yochokera ku nyanja ya India, limagwira mitambo imene ikadapitirira, ndi kuiumiriza kuti itule katundu wake pomwepo, kotero kuti mbali ya kumwera, ya ku Lujeri ndi ku Muloza, imalandira mvula yochuluka kuposa madera ambiri a dziko lino, pamene mbali ya ku Phalombe, imene ili kuseri, imatsala ndi yochepa. Madzi amenewo, atamwedwa ndi udzu ndi nkhalango za pamwamba, amatuluka pang'onopang'ono chaka chonse m'mitsinje imene mayina ake ana athu amaloweza m'kalasi osadziwa kumene ibadwira: mtsinje wa Ruo, umene utalandira Muloza umakhala malire athu ndi Mozambique mpaka kukathira mu Shire pa Chiromo, Thuchila, Likhubula ndi Lichenya, ndiponso Phalombe ndi Sombani, imene imalowera kumpoto kukadyetsa nyanja ya Chilwa ndi matemba ake. Tiyi amene anayamba kubzalidwa patsinde pa phirili mu 1891, mbewu yake itachokera ku munda wa mishoni ya Blantyre, amabiriwira ndi mvula yomweyo. Midzi ya ku Bondo imaunikira magetsi opukusidwa ndi madzi a Lichenya. Ndipo lero lino, mipope itayalidwa kuchokera ku Likhubula, ena mwa anthu a ku Blantyre amene sanalotepo zokwera phiri amamwa madzi ake m'mawa uliwonse. Chomwecho eni phiri ndi ambiri kuposa amene tingawaone ndi maso, ndipo mlendo wochapa ndi sopo pa kasupe wa pamwamba, kapena wodzithandiza m'mphepete mwa khwawa, adetsa chitsime cha anthu amene sadzakumana nawo.

Khomo limene alendo ambiri amalowera ndi Likhubula. Mukafika pa Chitakale musiya msewu wopita ku boma ndi ku Muloza, nimutsata wa ku Phalombe, ndipo mutayenda makilomita ngati 10, phiri lili kudzanja lanu lamanja, mufika pa ofesi ya a zankhalango, pakuti phiri lonseli linaikidwa kukhala nkhalango yotetezedwa ndi boma kuyambira mu 1927. Pamenepo mulemba dzina, munena kumene mukagone, ndipo mupatsidwa wokulondolerani njira pamodzi ndi okunyamulirani katundu, amene masiku ano amatchedwa magaidi ndi mapota. Apa m'pamene Mmalawi mnzanga amayamba kuphonya. Mlendo wakunja amalipira osatsutsa, chifukwa anawerenga m'buku lake kuti ndimo zikhalira. Koma ife timati, kodi ine mwana wa dziko lino ndilipire munthu kuti andionetse phiri la kwathu? Ndipo ena amalowa mozemba, ena amanenerera mtengo mpaka mnyamatayo avomera ndi nkhope yakugwa, chifukwa kunyumba ufa watha. Abale anga, kubadwira m'Malawi sikuphunzitsa munthu pamene njira ya ku Thuchila ipatukana ndi ya ku Chisepo nkhungu itatsika. Akulu anati safunsa anadya phula.

Mudzamuyang'ane bwino mnyamata ameneyu akamakutsogolerani. Inu mwavala nsapato zolimba za ndalama zambiri, iye wavala patapata kapena nsapato zapulasitiki zong'ambika. Inu mwanyamula botolo la madzi ndi foni yojambulira, iye wasenza chikwama chanu, ufa wa gulu lonse, mafuta ophikira ndi mapoto. Ndipo pamene inu mwakhala pansi, mtima ukugunda m'makutu, iye waima pamwala patsogolo panu, akudikira mwaulemu osaonetsa kuti akudikira. Adziwa kasupe amene saphwa mu Okutobala, adziwa thanthwe limene limaterera likagwa mame, adziwa kuyang'ana mtambo umene ukusuzumira kuseri kwa Chilemba ndi kunena kuti tifulumire. Nzeru zimenezi anazilandira kwa atate ake ndi amalume ake, amene ena a iwo anasenza matabwa pa njira zomwezi, ndipo agogo awo anali amtengatenga a Azungu oyamba. Chaka ndi chaka, m'nyengo yachisanu, anthu amenewa amachita mpikisano wothamanga kuchokera ku Likhubula, kukwera ku Chambe, kudutsa ku Lichenya ndi kutsikanso, mtunda woposa makilomita 20, umene mlendo wamba amauyenda masiku awiri kapena atatu. Ndipo opambana amaumaliza m'maola awiri ndi mphindi zake, ena a iwo opanda nsapato, amayi ndi atsikana ali m'gulu momwemo. Munthu wotere mukamamuitana musati iwe; muziti achimwene, kapena bambo ngati ali wamkulu, ndipo nthawi ya nsima ikakwana asadikire zotsala zanu.

Musanayambe chitunda chenicheni, mutayenda ngati ola limodzi, njira idzakufikitsani pa Dziwe la Nkhalamba, pamene mtsinje wa Likhubula umalumpha thanthwe ndi kugwera m'dziwe lakuya, lozizira kotero kuti wolowamo amatuluka mano akugundana ngakhale dzuwa lili paliwombo. Anthu a m'midzi yozungulira amasimba kuti kale pamalopo pankaoneka nkhalamba ya imvi, ndi kuti makolo ankapereka nsembe pomwepo. Amasimbanso, za phiri lonse, kuti woyenda m'menemo akhoza kupeza chakudya chokonzedwa bwino, nsima yotentha kapena nthochi zakupsa, pamalo popanda munthu. Ndipo lamulo lake n'lakuti adye yekha mwakachetechete, asaitane mnzake, asatengeko kupita nacho kumudzi. Ndiponso kuti m'phiri satukwana, sanyoza, sachita phokoso lopanda pake. Sindinadze kudzakuuzani kuti mukhulupirire zimenezi, popeza ambiri muno ndinu a mpingo kapena a mzikiti, ndipo aliyense ali ndi chikumbumtima chake. Koma ndikupemphani kuti musadzaziseke pamaso pa eni ake, ndipo mulingalire chimene zinkabala. Munthu wolowa m'nkhalango ndi mantha aulemu amayenda mosamala, salekana ndi anzake, satenga choposa chimene akusowa, sayatsa moto mwachisawawa. Mantha aja atazilala, ndipo pamalo pake osalowapo china, inalowa nkhwangwa. Lero mukafika pa dziwepo tchuthi chitangotha, mupeza mabotolo osweka pakati pa miyala pamene ana amaponda opanda nsapato. Ndipo dziwelo lamizapo anthu, ena a iwo achinyamata odzacheza, amene analumphira m'madzi osafunsa kuya kwake.

Njira ziwiri zikwera kuchokera ku Likhubula kupita ku chidikha cha Chambe: ya Chapaluka, imene idzera ku dziwe kuja ndi kutsata mtsinje, ndi ya Skyline, yowongoka ndi yotopetsa, imene ikwera motsata chingwe chakale chimene ankatsitsira matabwa, iliyonse imadya maola atatu kapena anayi. Mukafika pamwamba, mpweya utapepuka ndi kuzizira, mudzamupemphe mtsogoleri wanu kuti akuonetseni mkungudza waukulu, ndipo taonani chimene adzachita: adzakutengerani ku chitsa. Mtengo umenewu, umene sumera wokha kwina kulikonse pa dziko lapansi koma pa phiri limeneli, unali ulemerero wa Mulanje. Unkafika mamita 40, thunthu lake lowongoka, nthambi zake zitavala ndere zotuwa zolendewera. Thabwa lake n'lonunkhira, chiswe sichilidya, madzi saliwoletsa msanga, n'chifukwa chake linafunidwa pa madenga, pa zitseko ndi pa maboti a kunyanja. Alexander Whyte, amene anatumidwa ndi Harry Johnston kudzaona zomera za dziko lino, anatenga nthambi zake mu 1891 nazitumiza ku London, ndipo dzina limene akatswiri amaulemba nalo, Widdringtonia whytei, likumbutsa iyeyo. Mu 1984 Dr. Kamuzu Banda anaulengeza kukhala mtengo wa fuko lathu. Koma ulemu wa papepala sunautchinjirize. Boma la atsamunda linayamba kuucheka, nilibzala paini wa ku Mexico amene anafalikira ndi kulanda malo. Nsabwe za mitengo zinaugwira m'zaka za m'ma 1980. Moto wa osaka nyama unapsereza mbande chilimwe chilichonse. Ndipo lamulo lakuti acheke mitengo yakufa yokha linabala chinyengo chomvetsa chisoni, pakuti anthu anaphunzira kuusenda khungwa mtengo wamoyo, kapena kuusonkhera moto patsinde, kuti chaka chinacho adzaupeze wakufa ndi kuucheka mwalamulo. Pamene akatswiri anayendera phirili mu 2017 kuwerenga mitengo yokhwima imene inatsala, anapeza 7.

N'kwapafupi kuloza chala munthu wa sowo, kapena uja mudzakumana naye pa chitunda akutsika chothamanga, thabwa lalitali lili pankhata, thukuta likuyenderera pachifuwa, mapazi osavala akufunafuna popondera. Mupatukire pambali, pakuti sangathe kuima. Koma iyeyo amalandira kakang'ono, ndipo phindu lenileni limapita kwa wogula wa mumzinda amene dzina lake silitchulidwa. Ndipo pakati pa ogulawo tiwerengeponso mlendo, amene atatsika phiri nadandaula kuti nkhalango yatha, amaima pamsewu ndi kugula kabokosi konunkhira ka mkungudza koti akaike pa tebulo kwawo. Ngati mufuna kusiya ndalama patsinde pa phiri, ndipo muyenera kutero, mugule zinanazi, nthochi, tiyi, uchi ndi mbatata, mugone m'nyumba za alendo za anthu akumeneko, mulembe mapota okwanira. Bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust, pamodzi ndi a zankhalango ndi midzi ya patsinde, lakhala likufesa mkungudza m'manazale ndi kukweza mbande zikwi mazanamazana kukaziwokera pamwamba. Mudzaziona, zina zofika m'chiuno, zina zitapitirira munthu, zitazingidwa ndi mizere yolambulidwa yotchinga moto. Mtengowu umakula mochedwa, kotero kuti mayi amene anasenza mbande imeneyo kukwera nayo ku Chambe sadzakhala pamthunzi pake. Koma ndudu imodzi yotayidwa pa udzu wouma mu Seputembala ingathe kufafaniza ntchito yake tsiku limodzi.

Usiku mudzagona m'imodzi mwa nyumba za apaulendo zimene zamwazikana pa phiri: Chambe, Lichenya, Chisepo, Thuchila, Chinzama, Sombani, Minunu, Madzeka, ndi ina ya mpingo wa CCAP pa chidikha cha Lichenya. Iliyonse ili ndi mlonda wake, amene amakhala kumeneko masiku ambiri kutali ndi banja lake, ndipo ndiye adzakutungirani madzi ndi kukuwazirani nkhuni. Kulibe golosale, kulibe chipatala. Chimene simunanyamule, mulibe. Dzuwa likalowa kuseri kwa nsonga, kuzizira kumagwa nthawi yomweyo, ndipo nonse mumaunjikana pa moto, mpoto wa nsima uli pamafuwa, masokosi onyowa atayanikidwa pambali, utsi ukuluma m'maso. M'miyezi ya Juni ndi Julayi mukadzuka m'mawa mupeza udzu wayera mbee ndi chisanu, ndipo madzi amene anagona panja m'beseni aundana pamwamba. Mudzatsegule buku limene alendo amalembamo mayina: mudzapeza a ku Germany, a ku Netherlands, a ku Japan, tsamba ndi tsamba, ndipo mudzafunafuna musanapeze Phiri kapena Banda amene anabwera osasenza katundu wa wina. Mwambo wa m'nyumbamo ndi wosavuta. Nkhuni musaziwotche usiku wonse, pakuti wina anazisenza. Mchere, shuga ndi ufa wotsala mumusiyire mlonda. Mabotolo, zitini ndi majumbo mutsike nazo nokha. Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, koma zimene wataya zimakhala.

Tsopano ndinene za chimene chimapha. Kum'mwera chakum'mawa, m'dziko la Mozambique, kuli phiri la Chiperone, ndipo mphepo yozizira yodzera kumeneko, imene tonse timaidziwa ku Thyolo ndi ku Blantyre monga chiperoni, pa Mulanje imafika ndi ukali wina. Kumwamba kukhoza kukhala kowala m'mawa, munthu n'kumaona nyanja ya Chilwa ndi phiri la Zomba ngati zili pafupi. Koma isanakwane nthawi ya nkhomaliro nkhungu yakwera m'zigwa, yaphimba zonse, ndipo mnzako amene ali mapazi khumi patsogolo umangomumva mawu. Ikhoza kukhala tsiku limodzi, ikhoza kukhala masiku anayi. Wopita ku Sapitwa amanyamuka ku Chisepo m'bandakucha, nakwera matanthwe osalala ogwira ndi manja omwe, nakwawa pansi pa miyala ikuluikulu yosanjikizana, pakati pake pali mipata yakuya imene munthu akagweramo saoneka. Chomulondolera ndi timizere ta penti pamwala, ndipo nkhungu ikatsika timizere timeneto timasowa. Mitsinje nayo imadzaza m'kanthawi kochepa. Mu 1949 mkulu wa zankhalango, Fred France, anakokoloka ndi madzi powoloka mtsinje m'dera la Ruo mvula itagwa, ali paulendo ndi Laurens van der Post, amene anasimba za imfayo m'buku lake lotchedwa Venture to the Interior. Kanyumba kena pa Chambe kamatchedwabe ndi dzina la malemuyo. Mu 2003 mtsikana wa ku Netherlands analowera ku Sapitwa yekha, ndipo sanapezeke mpaka lero. Mu 2009 mnyamata wa ku Brazil, wophunzira kwambiri za chuma, anasiya womulondolera napitirira yekha, ndipo mtembo wake unapezeka patapita masabata oposa awiri. A kumudzi anati mizimu yawatenga, madokotala anati kuzizira ndi kutopa; koma pa langizo onse agwirizana, lakuti kumeneko munthu sapita yekha, ndipo mtsogoleri akati tibwerere, mubwerere, ngakhale nsonga ikuoneka poteropo. Chaona mnzako chapita, mawa chili kwa iwe.

Eni phiri amadziwanso mkwiyo wake m'njira imene mlendo wa masiku atatu sangaidziwe. Mu Malichi 1991, mvula itagwa kosalekeza, mbali za phiri la Michesi zinagumuka, ndipo matope, miyala ndi mitengo zinatsika pa Phalombe ndi kupha anthu mazanamazana; mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anachitanso chimodzimodzi ku Muloza, ku Nkhulambe ndi madera ena a patsinde, kotero kuti mpaka lero zipsera zofiira ndi zoyera zikuoneka pa makoma a phiri, ndipo pali malo pamene panali mudzi koma tsopano pali miyala yokhayokha. Akulu amati wadutsa Napolo. Ena amafulumira kunena kuti zonsezi n'chifukwa cha owotcha makala, ndipo ine sindivomereza kwathunthu, popeza Napolo anadutsa ku Zomba mu 1946 nkhalango zikadali zowirira, ndipo phiri la makoma otere lidzagumuka ndithu mvula ikapyola muyeso. Koma n'zoona kuti chitunda chometedwa sichigwira madzi, ndi kuti kuchepa kwa malo kwakankhira anthu kukamanga m'njira zimene makolo ankazisiyira madzi. Mukadzadutsa pamalo otere, musathamangire kujambula zithunzi. Pansi pa miyala imeneyo pali anthu amene sanaikidwe m'manda, ndipo amene akukulondolerani mwina ndi mbale wawo.

Amene muli ndi masiku okwanira, mudutse phiri lonse ndi kutsikira kumpoto, kuchokera ku Sombani kupita pa mpata umene uli pakati pa Mulanje ndi Michesi. Pa mpata umenewo pankadutsa magulu a akapolo, atamangidwa magoli, kupita ku gombe la Quelimane. Ndipo pofuna kutseka njirayo boma la Johnston linamanga linga la Fort Lister mu 1893, pamodzi ndi la Fort Anderson mbali inayo ya phiri, nilimenyana ndi mafumu a Chiyao monga Matipwiri ndi Mkanda. Zotsalira za lingalo zikadalipo, pamodzi ndi manda. Patapita zaka zochepa, m'mbali mwa phiri lomweli munadutsa Alhomwe ambirimbiri, kuthawa msonkho ndi ntchito yokakamiza ya Apwitikizi, ndipo atafika kuno anapeza thangata akuwadikira m'minda ya Azungu. Zidzukulu zawo ndizo zimasonkhana pa Chonde mwezi wa Okutobala kuvina tchopa ndi kudya kalongonda. Ndipo m'boma la Mulanje la nthawi imeneyo, pa 3 Febuluwale 1915, m'pamene John Chilembwe anawomberedwa akulowera ku malire. Mphunzitsi wa mbiri yakale amene sanaimepo pa mpata wa Fort Lister akuphunzitsa zimene anangomva.

Mu 1924 katswiri wa miyala Frank Dixey anapeza kuti pansi pa udzu wa ku Lichenya pali dothi la bauxite, limene amapangira aluminiyamu, ndipo kuyambira pamenepo nkhani yokumba mgodi pa phirili imagona ndi kudzukanso, boma lililonse ndi nyengo yake. Dziko losauka silingakane chuma popanda kuganiza, ndipo amene amafuna ntchito za mumgodi si anthu oipa. Koma mlandu umenewu ukadzafikanso pabwalo, udzafuna anthu odziwa kuti dothi limenelo ndi lomwe limasunga madzi a Lichenya ndi a Likhubula. Ndipo ine ndikhumba kuti pakati pa aphungu, akuluakulu a m'maofesi ndi olemba nkhani a mawa, amene ena a iwo mwakhala kumbuyoko, padzapezeke ambiri amene anagonapo pa chidikha chimenecho namwa madzi ake ndi manja.

Chifukwa chake, aphunzitsi anzanga, mukonze maulendo. Nyengo yabwino ndi kuyambira Meyi mpaka Okutobala, mvula itatha ndipo mitsinje itaphwera; mu Juni ndi Julayi muyembekezere chisanu ndi chiperoni, mu Okutobala muyembekezere dzuwa ndi utsi. Musayambe ndi Sapitwa. Ana a sukulu muwafikitse pa Chambe kapena pa Lichenya, agone usiku umodzi, ndipo zimenezo zikwanira. Gulu likhale laling'ono, loti nyumba imodzi ilisunge, ndipo muwadziwitse a zankhalango nthawi ikadalipo. Mwana aliyense akhale ndi bulangete, juzi, chovala chotchinga mvula, tochi, ndi nsapato zimene anaziyendera kale, osati zatsopano. Munyamuke m'mamawa kuti mukafike dzuwa likadalipo, muwerenge ana ponyamuka ndi pamphambano iliyonse, ndipo mphunzitsi mmodzi akhale kumapeto kwa mzere nthawi zonse. Ngati thumba lilola, muitaneko ana awiri kapena atatu a sukulu ya patsinde, pakuti ambiri a iwo amakwera phirilo kukatola nkhuni koma sanalikwerepo kukaliona. Ndipo mukatsika, musanakwere galimoto, muwalipire magaidi ndi mapota ndalama yonse imene munagwirizana, ndi manja awiri, ana akuona.